Urbane: mawu amene anatsekera luso la kulankhula mumzinda

Aroma akale ankati munthu walankhula urbane ngati wanena mawu mwanthabwala, mokoma ndi mwaulemu, omvera n'kuseka popanda mwano. Mawuwa anachokera ku urbs, kutanthauza mzinda, ndipo kwa iwo mzindawo unali Roma. Wolankhula mosakoma ankati walankhula rustice, ngati wakumudzi. Cicero, m'buku lake De Oratore la m'chaka cha 55 BC, anasonyeza kuti nthabwala yoponyedwa pa nthawi yake imathandiza munthu kupambana mlandu. Komabe dzina lenileni la lusoli linkanena kuti kwawo kwa luso ndi kumzinda.

Chipwitikizi, chomwe ndi mwana wa Chilatini, chinatengera ganizoli: urbanidade ndi ulemu, pomwe rústico ndi munthu wosadziwa khalidwe. Atsamunda analisandutsa lamulo. Mpaka 1961, Mwafirika wofuna kukhala assimilado ankayenera kusonyeza kuti amalankhula bwino Chipwitikizi ndipo wasiya miyambo ya kwawo.

Kunyanja kuno mbiri inayenda mosiyanako. Amishoni a UMCA ku Likoma ndi ku Messumba ankaphunzitsa m'Chinyanja. William Percival Johnson, amene anayendayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi kuyambira m'ma 1880, anasonkhanitsa miyambi ya anthu akuno n'kuisindikiza mu 1922. Zimene Aroma ankatcha zamumzinda, iye anazipeza kumudzi.

Lusolo lilipobe. Pabwalo la mfumu, nkhoswe imaphiphiritsa nkhani yochititsa manyazi kuti wolakwa amve koma asanyozeke. Asuweni amanyogodolana popanda wokwiya. Gogo amadzudzula mdzukulu ndi mkuluwiko, ana n'kumapikisana pa zilapi madzulo. Chinyanja sichinamangirire zimenezi ku malo: timangoti walankhula mwaluso, mwanzeru kapena mophiphiritsa.

Chinyanja chinayesedwa m'kalasi pa pulojekiti ya PEBIMO ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 boma linayambitsa maphunziro a zilankhulo ziwiri. Koma ganizo lakale lija silinafe. Limaonekera pamene tigwiritsa ntchito Chinyanja pongomasulira mawu ovuta, kulankhula kokoma n'kukusungira Chipwitikizi. Mwana wa ku Metangula kapena ku Cóbuè amene amaseketsa anzake kudooko amangoti zii m'kalasi, poganiza kuti luso lake ndi lakumudzi.

Aphunzitsi anzanga, patsani ana mpata woponya zilapi, womasulira miyambi ndi wotsutsana m'Chinyanja, ndipo muziwapatsa malikisi pa zimenezi. Kenaka afunseni kuti anene mfundo yomweyo m'Chipwitikizi. Mwana wodziwa kale kuti amatha kulankhula mwaluso sachita mantha ndi chilankhulo chachiwiri.