Anyezi wamaluwa

Anyezi wamaluwa ndi zomera za m'gulu la Allium, momwenso muli anyezi wakudya ndi adyo, koma izi zimabzalidwa pofuna kukongoletsa pakhomo. Wodziwika kwambiri ndi Allium giganteum wochokera m'chigawo chapakati cha Asia. Phesi lake limatalika mpaka mita 1.5, ndipo kunsonga kwake kumakhala mutu wozungulira ngati mpira, wodzaza ndi timaluwa ta mtundu wa pepo.

Mitundu yotereyi imafuna chisanu champhamvu isanachite maluwa, choncho siichita bwino m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja monga kwa Malenga Chanzi m'boma la Nkhotakota. Kumeneku ndi bwino kubzala Allium tuberosum, wa masamba athyathyathya ndi maluwa oyera, kapena Tulbaghia violacea, m'bale wake wochokera ku South Africa, yemwe masamba ake amamveka fungo la adyo ukawafikisa. Onsewa amapirira kutentha.

Pobzala mitundu iwiriyi, mlimi amagawa tsinde lokhwima n'kuwokera padzuwa, m'dothi lothira manyowa koma losasunga madzi. Nthawi yabwino ndi mvula ikamatha, mu Epulo kapena Meyi. Dothi la lowe limawoletsa mizu.