Mbiri ya Nyumba ya Mandala

Nyumba ya Mandala, mu mzinda wa Blantyre, ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri m'dziko muno. Inamangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene inkagula minyanga ya njovu ndi kugulitsa nsalu. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo.

M'chaka cha 1884 Angoni a Chikuse, bambo wa Gomani woyamba, amene ufumu wake uli ku Ntcheu, anawoloka Shire nathira nkhondo midzi yozungulira Blantyre. Anthu ambiri anathawira ku Mandala.

Malonda akalewo atatha, nyumbayi sinagumulidwe. M'chipinda cham'mwamba munakhazikitsidwa laibulale ya bungwe la Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1946. Mmenemo mukusungidwa mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Zipinda zapansi zinasanduka malo oonetsera zojambula ndi zosema.

Nyumbayi ikanagwetsedwa, mwana wa ku Ntcheu akanangomva za nkhondo ija pakamwa pa agogo ake. Koma lero angathe kukaima pamalo pomwe anthu anathawira, nawerenga yekha mbiri ya makolo ake.