Mbiri ya Miphakati: Malo a Mlendo Pakati Pathu

Achinyamata anzanga, mphakati umene timakumanamo sunagwe kuchokera kumwamba. M'chaka cha 1972 Ambuye Patrick Kalilombe anakhala episkopi wa dayosizi ya Lilongwe, imene dera lathu la Nkhotakota lilimo. Iwo anaona kuti ansembe ndi ochepa, maparishi ndi otambalala, ndipo mkhristu ankatha kupemphera zaka zambiri popanda womudziwa dzina.

Choncho kuyambira 1973 mpaka 1975 anachititsa sinodi ya dayosizi, pomwe akhristu eni ake anakambirana kayendetsedwe ka Mpingo. Mu 1976 maepiskopi a AMECEA anagwirizana kuti miphakati ikhale maziko a utumiki. Koma boma la Kamuzu Banda linkakayikira timagulu tokumana m'midzi, ndipo chaka chomwecho Ambuye Kalilombe anakakamizidwa kuchoka m'dziko muno. Ufulu wokhala pansi n'kukambirana unagulidwa ndi misozi.

Kuno ku Bua alendo sasowa: asodzi otsata mpasa, alimi a mpunga, aphunzitsi osamutsidwa, ngakhalenso ogwira ntchito ya nzimbe ku Dwangwa. Wafika kumene, usakhale duu kumbuyo. Nena dzina lako, kwanu, ndi zimene umakonda: kwaya, mpira, kuwerenga Malembo kapena kuzonda odwala. Ndipo ife eni mudzi timufunse, timumvetsere. Akuluakulu anati mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa. Mphakati wosafunsa mlendo luso lake waiwala chimene unabadwira.