Epulo kapena Novembala?

Kale ndinkaona ngati tsiku la chisankho ndi nkhani ya pa kalendala basi. Mbiri ya ku New Jersey, ku America, ndi imene inandisintha maganizo.

Kumeneko sukulu za boma zimayendetsedwa ndi mabodi, ndipo m'madera ambiri mamembala ake amachita kuwavotera. Kwa zaka zambirimbiri chisankhochi chinkachitika mu Epulo, pachokha. Mchitidwe wopatula zisankho zazing'ono unafala ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pofuna kuti akuluakulu a zipani asamalowerere za sukulu. Ku New Jersey, tsiku lomwelo anthu ankavomerezanso kapena kukana bajeti ya sukulu, yomwe mbali yake yaikulu imachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo.

Vuto linali loti mu Epulo ovota ankatuluka ochepa kwambiri. Ndiye taganizani, ambiri akakhala kunyumba, amapita ndani? Ndi aja nkhaniyo yawakhudza m'thumba: aphunzitsi, makolo ena, ndi okwiya ndi msonkho.

Mu 2010, bwanamkubwa Chris Christie ali pa mkangano ndi bungwe la aphunzitsi, anauza anthu kuti akakane mabajeti m'madera momwe aphunzitsi sanavomere kuti malipiro awo aime osakwera kwa chaka. Mabajeti oposa theka anagwa. Mu Januwale 2012 anasayina lamulo lolola madera kusamutsira chisankho ku Novembala, tsiku la zisankho zikuluzikulu. Koma m'nyamboyo munali mbedza: dera likasamuka, anthu savoteranso bajeti, bola msonkho usakwere kuposa 2 peresenti. Madera ambiri anasamuka chaka chomwecho.

Ovota anachuluka, inde. Koma ofuna mpando wa bodi anapezeka kumunsi kwa pepala, pansi pa mayina otchuka. Ena amangochonga munthu wosamudziwa, ena kulumpha. Ndipo mphamvu yokana bajeti ija inapita mwakachetechete.

Zimandikumbutsa makhansala athu kuno ku Malawi. Mu 2000 tinawasankha paokha, anthu anatuluka ochepa. Mu 2014 tinawaphatikiza ndi pulezidenti ndi aphungu, mizere inatalika. Koma inu, khansala wanu dzina mukumudziwa?

Ndiye mukamva za bilu yosuntha tsiku la chisankho, musangoyang'ana deti. Funsani kuti tsikulo adzatuluka ndani, komanso kuti m'bilumo alowetsamo chiyani china.