Kapepala Kamene Kadachitira Umboni Mphunzitsi Gruber

Pa usiku wa Khirisimasi makwaya a m'maiko ambiri amaimba nyimbo ija yotchedwa Stille Nacht, ndiye kuti usiku wa bata. Lero ndifuna kukusimbirani m'mene kapepala kamodzi kolembedwa pamanja kadasungira choona cha nyimbo imeneyi, pamene anthu adali ataiwala eni ake.

Mau a nyimboyi adawalemba ndi wansembe wachinyamata, Bambo Joseph Mohr, m'chaka cha 1816, ali ku Mariapfarr m'dziko la Austria. Atasamukira ku Oberndorf, pafupi ndi mzinda wa Salzburg, adapereka ndime zake zisanu ndi imodzi kwa Franz Xaver Gruber, mphunzitsi wa pa sukulu ya ku Arnsdorf, amenenso ankaliza limba m'tchalitchi, kuti aziikire maimbidwe. Pa 24 Disembala 1818 awiriwo adaiimba koyamba m'tchalitchi cha Nikolasi Woyera, Bambo Mohr akuliza gitala.

Nyimboyo idafalikira msanga. Mabanja oimba a ku Tyrol, a Strasser ndi a Rainer, adanka nayo kutali. Koma okopera ankasintha apa ndi apo, ndime zina zidasiyidwa, ndipo maina a eni ake adatayika m'njira. Pepala loyamba la 1818 nalonso lidasowa. Ena ankati ndi nyimbo ya makolo a ku Tyrol, ena nkumati adaipeka ndi Michael Haydn.

M'chaka cha 1854 oimba a kunyumba ya mfumu ku Berlin adalemba kalata ku Salzburg kufunsa za chiyambi chake. Gruber, amene tsopano adali nkhalamba, adayankha pa 30 Disembala chaka chomwecho, nafotokoza zonse mwatsatanetsatane. Komabe okayika sadathe, pakuti anthu sakhulupirira msanga munthu wodzichitira yekha umboni. Mboni yake inali itapita kale: Bambo Mohr adamwalira ali mmphawi m'chaka cha 1848. Gruber naye adatsikira kuli chete mu 1863.

Tsono mu 1995 akatswiri adatsimikiza kuti pepala lina lakale lidalembedwa ndi dzanja la Bambo Mohr eni ake, cha m'ma 1820. M'munsi mwake muli dzina lao ndi chaka cha 1816; pamwamba, kudzanja lamanja, adalembapo kuti maimbidwe ndi a Gruber. Motero wansembe adachitira umboni bwenzi lake patapita zaka 147 chimwalirire. Tchalitchi cha Nikolasi Woyera chidagwetsedwa chitaonongeka ndi madzi osefukira a mtsinje wa Salzach, koma kapepala kofookako kalipobe, kakusungidwa ku Salzburg Museum.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a makwaya, m'masutikesi mwanu muli makope akale a nyimbo zimene adapeka akuluakulu a m'maparishi athu. Musawataye chifukwa choti achita bii ndi utsi. Aikeni m'bokosi la chitsulo, pamalo pouma, kutali ndi chiswe ndi mbewa. Pokopera nyimbo lembani dzina la woipeka, parishi yake ndi chaka, ndipo kope limodzi mukasungitse kwa Bambo Mfumu. Kutero ndi chilungamo kwa akufa, ndiponso ndi cholowa cha ana athu.

Mulungu akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.