Nyumba zogwirana ndi zikhomo: mbiri ya luso losema mitanda

Luso lomanga nyumba ndi mitanda yolowetsana popanda msomali linayamba chitsulo chisanadziwike. Pafupi ndi mzinda wa Leipzig ku Germany, akatswiri ofukula zakale anapeza zitsime zotchingidwa ndi matabwa a mtengo wa oak, womwe unagwetsedwa zaka pafupifupi 7,000 zapitazo. Ena mwa matabwawo ali ndi mabowo momwe munalowa nsonga za anzake. Amisiri ake ankasema ndi zida za mwala.

Mfundo ya bowo ndi nsongayi ndiyo yakhala phata la ntchitoyi mpaka lero. Mmisiri amakumba bowo la makona anayi mu nsanamira, nasema mapeto a mtanda kuti atsale ngati lilime lolowa mu bowolo. Chomangirira ndi chikhomo cha mtengo. Apa ndiye pagona nzeru: kabowo ka chikhomo ka pa lilime sakalunjikitsa ndi ka pa nsanamira, amakasunthira dala pang'ono cha kutsinde kwa lilimelo. Pokhoma, chikhomo chimapindika pofuna njira, ndipo chimakoka mitengo iwiriyo mpaka kugwirana zolimba. Wophunzira akasuntha kwambiri, lilime limang'ambika. Akasuntha mochepa, mfundo imagwedera mtengo ukauma.

Ku Ulaya, kuyambira zaka za m'ma 1200, matchalitchi, nkhokwe zikuluzikulu ndi nyumba zambiri za m'matauni zinkaima pa mitanda yotere. Oak ankamusema ali wauwisi, chifukwa akauma amabunthitsa zida. Chipika chinkagonekedwa pa mitengo iwiri, mmisiri n'kumenya mzere ndi chingwe chopaka makala kapena choko. Kenako ankatema mipata motsatizana mpaka pa mzerewo, n'kugamula zibenthu za pakati pake, n'kumaliza ndi nkhwangwa yotakata yosalazira. Popeza panalibe mtanda wowongoka ndendende, mfundo iliyonse inkalembedwa poyang'ana mitengo iwiri yokumanayo, ndipo sikanalowa pena paliponse. N'chifukwa chake ankayamba alumikiza khoma lonse chogoneka pansi pabwalo, n'kudinda manambala achiroma ndi tchizulo pa mfundo iliyonse, kenako n'kuphwasula kuti akaimike pamalo pake. Zizindikirozo zikuonekabe m'nyumba zakale za ku England.

Denga la Westminster Hall ku London linapangidwa choncho m'zaka za m'ma 1390, pa ulamuliro wa Mfumu Richard II. Mmisiri wa mfumu, Hugh Herland, anayang'anira kusema kwake ku Farnham, ndipo mitandayo inayenda pa ngolo ndi pa mabwato mu mtsinje wa Thames. Dengalo limadutsa mamita pafupifupi 21 popanda mzati pakati.

Luso lotere linkaphunziridwa pamanja. Ku England, lamulo la 1563 linakhazikitsa zaka zosachepera 7 zoti mnyamata akhale pansi pa mmisiri wamkulu asanaime payekha, ndipo nthawi zambiri ankadya ndi kugona kwa bwana wakeyo. Ku Germany, womaliza maphunziro ankanyamuka ulendo wotchedwa Walz, wa zaka zitatu ndi tsiku limodzi, kugwira ntchito kwa amisiri osiyanasiyana. Mwambowu ulipobe, ndipo woyendayo saloledwa kuyandikira kwawo pa mtunda wa makilomita 50. Ku France, magulu a amisiri otchedwa Compagnons ankazunguliranso dziko lawo, ndipo madzulo akaweruka ankaphunzira kujambula denga lonse pa pepala kapena pansi, kuti makona onse odulira adziwike sowo asanakhudze mtengo. Bungwe la UNESCO linaika luso lojambulali pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2009.

Azungu atawolokera ku America anapeza nkhalango za mitengo italiitali yowongoka, ndipo cha m'ma 1800 amisiri a kumeneko anafewetsa ntchito. M'malo molemba mfundo iliyonse payokha, ankaganizira mtanda wowongoka bwino wobisika mkati mwa wopotokawo, n'kusema malo a mfundo okha mpaka pa muyeso umodzi. Motero mitanda ya ntchito imodzi inkatha kusinthana malo.

Chinagwetsa lusoli ndi msomali wotchipa. Makina opanga misomali ndi ocheka matabwa atachuluka, ku Chicago m'zaka za m'ma 1830 kunafala mamangidwe a timatabwa topyapyala tambirimbiri tokhomedwa ndi misomali. Anthu awiri okhala ndi sowo ndi hamala ankatha kuimika nyumba yomwe kale inkafuna mmisiri wa zaka zambiri ndiponso khamu lokweza mitanda. Amisiri akale ankainyoza kuti iuluka ndi mphepo, koma kutchipa kwake kunapambana mkanganowo. Pofika m'zaka za m'ma 1900, kusema mfundo ku America kunatsalira pa nkhokwe za kumafamu, kenako kunazilala.

M'zaka za m'ma 1970 achinyamata ena kumpoto chakum'mawa kwa America anafuna kuukitsa lusoli, koma owaphunzitsa anali atatha. Aphunzitsi awo anakhala nkhokwe zakale zomwe ankaphwasula, n'kumayeza mfundo imodziimodzi. Tedd Benson wa ku New Hampshire anatulutsa buku lofotokoza ntchitoyi mu 1980, ndipo mu 1985 kunabadwa bungwe la Timber Framers Guild, lomwe limaphunzitsa anthu pomanga nawo limodzi. Masiku ano makampani ambiri amadula mfundo ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ngakhale makinawo amafuna mtanda wowongoka kale. Wopindika umafunabe diso la munthu.

Kufunika kwa nkhwangwa kunaonekanso tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitapsa pa 15 Epulo 2019, moto n'kunyeketsa denga la m'zaka za m'ma 1200. Boma la France linasankha kulimanganso mmene linalili. Mitengo ya oak yoposa 1,000 inagwetsedwa, ndipo mitanda ya denga lalikulu inamalizidwa ndi nkhwangwa zosulidwa mwapadera. Ena mwa amisiriwo anaphunzira ku Guédelon, komwe kuyambira 1997 akumanga linga ndi zida zakale zokhazokha. Tchalitchicho chinatsegulidwanso pa 7 Disembala 2024.