Kusankha abwenzi pa Chikhristu: Zimene mipingo imaphunzitsa kwa Nthache

Dera la mfumu yaikulu Nthache ndi limodzi mwa madera a boma la Mwanza, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 130,000. Bomali lachita malire ndi dziko la Mozambique, ndipo msewu wa M6 umathera pachipata cha Mwanza, kutsidya kwake kuli Zobue. Pamsewuwu pamadutsa magalimoto akuluakulu a katundu komanso mabasi opita ku Tete, Harare ndi Johannesburg.

Wachinyamata wa kwa Nthache akapita kukagulitsa manachesi kumsika kapena kukachita kabaza kuchipatako, amakumana ndi osintha ndalama, ozembetsa katundu ndi ena omukopa kuti apite ku Joni opanda mapepala. N'chifukwa chake nkhani ya abwenzi imamveka kawirikawiri m'maulaliki ndi m'misonkhano ya achinyamata.

Zimene Baibulo limanena

Mavesi awiri ndiwo amatchulidwa kwambiri. Miyambo 13:20 imaphunzitsa kuti munthu amatengera nzeru kapena uchitsiru wa amene amayenda nawo, pomwe pa 1 Akorinto 15:33 mtumwi Paulo adachenjeza kuti kucheza ndi anthu oipa kumawononga khalidwe. Makolo adanenanso zofanana pamwambi woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Baibulo lili ndi zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Pa 1 Mafumu 12, mfumu Rehobowamu adakana uphungu wa akuluakulu n'kumvera anyamata amene adakula nawo, ndipo mafuko khumi adamugalukira. Pa 2 Samueli 13, Amnoni adagwirira mlongo wake Tamara potsatira nzeru ya bwenzi lake Yonadabu, kenaka adaphedwa ndi anyamata a Abisalomu. Koma Yonatani adapulumutsa moyo wa Davide ngakhale ankadziwa kuti ufumu wa atate ake Sauli udzapita kwa mnzakeyo.

Kusankha si kusala

Chiphunzitsochi sichilamula Mkhristu kuthawa aliyense wosapemphera. Pa Marko 2:15-17, Yesu adadya ndi okhometsa msonkho ndi ochimwa, ndipo adadziyerekeza ndi sing'anga wofunika kwa odwala. Nayenso Paulo, pa 1 Akorinto 5:9-11, adalongosola kuti sankanena za anthu akunja kwa mpingo, poti kuwapewa onsewo kukadafuna kuchoka m'dziko. Iye ankachenjeza za munthu wodzitcha m'bale koma ali chidakwa, wadama kapena wolanda za ena.

Choncho funso lenileni ndi lakuti munthu amamvera uphungu wa yani. Mlimi angagulitse manachesi kwa aliyense, ndipo wakabaza anganyamule aliyense, koma amene amamuuza zakukhosi ndi kumufunsa nzeru pankhani ya ndalama, banja ndi ulendo ayenera kusankhidwa mosamala. Kupemphera mpingo umodzi pakokha si umboni wakuti munthu ndi bwenzi labwino.

Zizindikiro zoyang'ana

Bwenzi labwino limadzudzula pamaso, monga Miyambo 27:6 ikusonyezera kuti kupweteka kochokera kwa bwenzi kuposa kusyasyalika kwa mdani. Limasunga chinsinsi, limabweza ngongole, ndipo limapezeka pamatenda ndi pamaliro. Bwenzi loipa limalimbikitsa kubisira makolo kapena mwamuna ndi mkazi zimene zikuchitika, limanyoza sukulu, ndipo limalonjeza ndalama zachangu zosadziwika gwero lake.

Zina mwa zimene anzawo oipa amakopera achinyamata n'zolakwiranso malamulo a dziko. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja.

Kumene abwenzi amapezeka

Mipingo ili ndi magulu amene amathandiza anthu kupeza anzawo odalirika. Mpingo wa CCAP, womwe ku Mwanza uli pansi pa Sinodi ya Blantyre, uli ndi Mvano ya amayi, makwaya ndi magulu a achinyamata. Akatolika, omwe ali pansi pa Arkidayosizi ya Blantyre, amakumana m'miphakati, momwe mabanja oyandikana amawerenga Mawu ndi kuyendera odwala. A Seventh-day Adventist ali ndi Pathfinder ya ana ndi Dorika ya amayi, pomwe m'sukulu za sekondale mumapezeka SCOM ndi YCS.

Kwa amene walowa kale m'gulu loipa, njira imene Mateyo 18:15-17 imapereka ndi yoyamba yakambirana ndi mnzakeyo paokha, kenaka kuitana mboni imodzi kapena ziwiri, n'kumaliza ndi mpingo. Zikakanika, atha kusiya kuyenda naye popanda chidani, n'kupitiriza kumupatsa moni ndi kumupempherera.